Lamulo lokhwima kapena lankhanza? Mawu anayi a Chingerezi amene ife timawaphika mumphika umodzi

M'mwezi wa Epulo 2020, boma la Malawi linalengeza m'bindikiro wa masiku 21 pofuna kuchepetsa kufala kwa Covid-19. Tsiku loyamba lisanafike, khoti lalikulu linaimitsa m'bindikirowo pa 17 Epulo, omenyera ufulu wa anthu atakadandaula kuti osauka adya chiyani akatsekeredwa m'nyumba. Amene ankawerenga nkhani za matendawa m'Chingerezi, za kuno ndi za kunja komwe, ankakumana ndi mawu osiyanasiyana: apa strict, apo stringent, kwina rigorous, ndipo wolemba akapsa mtima ankati draconian. Nkhani zomwezo zikafika pa wailesi m'Chichewa, kawirikawiri zonse zinkasanduka chinthu chimodzi, malamulo okhwima.

Chisokonezo chimayambira pamenepo. Wina amati nyuzipepala yayamikira boma, mnzake amati ayi yalinyoza, chonsecho awerenga nkhani imodzi m'zilankhulo ziwiri. Mawu anayi aja ndi apachibale koma si mapasa. Aliyense ali ndi kwawo, ndipo nyuzipepala zakale za ku Britain, America ndi India zinkawagwiritsa ntchito m'njira zimene lero zingakudabwitseni.

Strict: chingwe cha mmisiri

Liwuli linachokera ku Chilatini, ku mneni wakuti stringere, kutanthauza kukoka chingwe kapena lamba mpaka athine. Tanthauzo lake loyamba silinali la munthu waukali ayi. Linali la chinthu chimene sichinasiye mpata wokhotera.

Taganizirani mmisiri womanga nyumba. Asanayale mzere wa njerwa amakhoma misomali iwiri n'kukoka chingwe. Chingwecho chikalenjekeka khoma limapindika, chikakokedwa bwino njerwa iliyonse imagona pamalo pake. Palibe amene anganene kuti chingwecho n'chankhanza. Changokhala kuti sichinyengerera.

Umu ndi mmene nyuzipepala zakale zinkaligwiritsira ntchito kwambiri. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, maiko amene sanafune kulowa nawo ankalengeza chimene atolankhani a Chingerezi ankachitcha strict neutrality. Spain inachita zimenezi mu Ogasiti chaka chomwecho. Tanthauzo lake linali lakuti sitipendekera uku kapena uko ngakhale pang'ono pokha. Munalibe chilango m'mawuwo, munali malire basi.

Mu Febuluwale 1915 Germany inalengeza kuti nyanja yozungulira Britain ndi bwalo la nkhondo, ndipo sitima zake zoyenda pansi pa madzi zidzamiza zombo za adani. Boma la Woodrow Wilson ku America linayankha ndi kalata yonena kuti ngati zombo kapena anthu a ku America avulazidwa, Germany idzayenera kuyankhapo mwa strict accountability. Ife tingati idzayankha ndendende, popanda kuzemba. Pa 7 Meyi 1915 chombo cha Lusitania chinamizidwa ndi sitima ya Germany, anthu pafupifupi 1,200 anafa, 128 mwa iwo Aamerika. Nyuzipepala zinakangana kwa miyezi kuti mawu awiri aja ankalonjeza chiyani kwenikweni, nkhondo kapena kalata ina chabe. America inadzalowa nkhondoyo mu Epulo 1917, patapita zaka ziwiri. Liwu lomveka ngati losasiya mpata linapezeka kuti lili ndi mpata waukulu ndithu.

Stringent: pamene ndalama zathina

Ili ndi mphwake wa loyamba lija, muzu wake ndi womwewo wa kukoka chingwe. Masiku ano mumalipeza pafupi ndi malamulo a boma, a mabanki ndi a zaumoyo. Nthawi ya Covid-19, akatswiri a ku yunivesite ya Oxford anakonza muyeso wotchedwa Stringency Index, woyambira pa 0 mpaka 100, woonetsa mmene dziko lililonse latsekera masukulu, malo antchito, malire ndi misonkhano. Muyesowo sunkanena kuti dziko lachita bwino kapena lalakwa. Unkangoyeza kuti lamba wakokedwa kufika pabowo liti.

Koma mukatsegula masamba a zamalonda a nyuzipepala za ku London kapena New York za m'ma 1800, mupeza liwuli pamalo ena. Ankalemba kuti msika wa ndalama uli stringent, kapena kuti pali stringency. Munthu wa lero angaganize kuti boma lakhazikitsa lamulo latsopano. Ayi ndithu. Ankatanthauza kuti ndalama zobwereka zasowa, mabanki akuumira, chiwongoladzanja chakwera, ndipo wamalonda amene dzulo ankabwereka mosavuta lero akubwezedwa pakhomo.

Ku America izi zinkachitika pafupifupi chaka ndi chaka m'nyengo yokolola. Mabanki a kumidzi ankasungitsa ndalama zawo ku mabanki akuluakulu a ku New York. Tirigu ndi thonje zikacha, ndalamazo zinkaitanidwa kubwerera kumidzi kuti zikagulire mbewu ndi kulipira onyamula. Mu mzinda munkatsala zochepa, ndipo dziko linalibe banki yaikulu yoti iwonjezere ndalama pamsika panthawi yoteroyo. Zaka zambiri vutoli linkadutsa lokha. Zaka zina likakumana ndi mantha a anthu linkabala chipwirikiti, monga mu 1873 ndi 1907. Mu Okutobala 1907 anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo ku banki ya Knickerbocker Trust Company mpaka inatseka zitseko, ndipo zinatengera mpondamatiki J. P. Morgan kusonkhanitsa eni mabanki anzake kuti moto uzime. Federal Reserve, banki yaikulu ya dzikolo, inakhazikitsidwa mu 1913, ndipo chimodzi mwa zolinga zake chinali kuthetsa kuthina kwa chaka ndi chaka kumeneku.

Apa Chichewa sichifunika kubwereka kanthu. Munthu akamati zinthu zathina, m'Januwale ana akufuna fizi, feteleza wachiwiri sanagulidwe, m'nkhokwe mwayera ndipo wakatapila wakweza mtengo, akunena zomwezo zimene mtolankhani wa ku New York ankalemba. Anthu a zilankhulo ziwiri amene sanaonanepo anafanizira kusowa kwa ndalama ndi chovala chothina. Ine chimandisangalatsa n'chakuti womasulira akapeza nkhani yakale yotereyi n'kulemba kuti msika wa ndalama unali wokhwima, wasochera kutali, pomwe liwu loyenera lili pakamwa pa mayi aliyense wogulitsa tomato.

Rigorous: ndende ya kalavulagaga

Muzu wa ili ndi rigor, kuuma gwa. Madokotala amaligwiritsabe ntchito ponena za kuuma kwa mtembo, komanso kunjenjemera kwa munthu amene malungo amugwira. Nyuzipepala zakale zinkanena za rigorous winter, chisanu choopsa chimene chimapha ziweto ndi osauka. Chisanu sichipanga lamulo, choncho liwuli linkanena za kuwawa kwa chinthu pathupi.

M'makhoti a ku India linali ndi ntchito yakeyake. Buku la malamulo a milandu la mu 1860, limene Angerezi analembera dzikolo, linagawa ukaidi pawiri: rigorous imprisonment, wokhala ndi ntchito yolemetsa, ndi simple imprisonment, wongokhala m'ndende. Bal Gangadhar Tilak, mkonzi wa nyuzipepala komanso womenyera ufulu, anapatsidwa miyezi 18 ya mtundu woyambawo mu 1897 pa mlandu woukira boma. Mahatma Gandhi mu 1922 anagamulidwa zaka 6 za mtundu wachiwiri. Mtolankhani wolemba rigorous pa nkhani ngati zimenezi sankapereka maganizo ake, ankangotchula dzina la chilango mmene lilili m'buku. Kwathu kuno woweruza amati imprisonment with hard labour, ndipo atolankhani athu anapeza kale mawu ake okoma: akakhale kundende ndi kukagwira ntchito ya kalavulagaga.

Lero liwuli linasamukira kusukulu. Kafukufuku akatchedwa rigorous ndiye kuti wayamikiridwa, wachitika mosamala popanda kudumpha mzere.

Draconian: dzina la munthu losanduka chitonzo

Atatu oyamba aja amafotokoza chinthu. Ili limaweruza, ndipo nkhani yake ndi yaitali.

Draco anali munthu wa mumzinda wa Athens ku Greece. Cha m'ma 621 Yesu asanabadwe, anapatsidwa ntchito yolemba malamulo a mzindawo, ndipo awa amatengedwa kuti ndiwo malamulo oyamba olembedwa a ku Athens. Kale lonse milandu inkaweruzidwa ndi anthu a m'mabanja apamwamba potsata zimene ankati ndi mwambo, ndipo munthu akaphedwa abale ake ankalipsira okha, magazi n'kumabwezerana magazi. Malamulo a Draco analembedwa pa matabwa n'kuikidwa poyera kuti aliyense wodziwa kuwerenga aone yekha.

Mbiri yoipa ya Draco imachokera makamaka kwa wolemba mbiri Plutarch. Iye anati pafupifupi mlandu uliwonse chilango chake chinali imfa, ngakhale ulesi kapena kuba ndiwo zamasamba ndi zipatso, kotero kuti wakuba m'dimba ankafa chimodzimodzi ndi wopha munthu. Anasimbanso za mlaliki wa ndale wina, Demades, amene ananena kuti malamulowo analembedwa ndi magazi osati inki. Akuti Draco atafunsidwa chifukwa chake anayankha kuti milandu ing'onoing'ono ikuyenera imfa, ndipo ya ikuluikulu sanaipezere chilango china choposa pamenepo. Cha m'ma 594 Yesu asanabadwe, mtsogoleri wina wa ku Athens, Solon, anafafaniza malamulo onsewo n'kusiya okhudza kupha munthu okha.

Pali zinthu ziwiri zofunika kuziika pambali pa nkhani imeneyi. Plutarch analemba patapita zaka pafupifupi 700 Draco atamwalira, ndiye akatswiri a mbiri amatsutsana kuti zoona ndi ziti ndipo nthano ndi ziti. Chachiwiri, gawo limene latsala mpaka lero la malamulo a Draco, lomwe linazokotedwanso pamwala cha m'ma 409 Yesu asanabadwe, silimveka ngati la munthu woludzu magazi. Limanena za munthu wopha mnzake mosafuna, ndipo chilango chake ndi kuchoka m'dziko, osati imfa. Limalolanso kuti akhululukidwe ngati bambo, abale ndi ana aamuna a womwalirayo onse agwirizana. Kusiyanitsa ngozi ndi dala, komanso kupatsa banja lofedwa mawu pa chikhululukiro, ndi zinthu zimene aliyense amene anakhalapo pa bwalo la mfumu angazizindikire. Munthu amene dzina lake lero limaimira nkhanza ndi yemweyo amene anayesa kuletsa kulipsirana.

Dzinalonso silinamuthandize. Drakon m'Chigiriki ndi njoka yaikulu, liwu lomwelo limene m'buku la Chivumbulutso linamasuliridwa kuti chinjoka.

Olemba akale a Chingerezi ankalemba liwuli ndi chilembo chachikulu, Draconian, ndipo ena ankati Draconic, chifukwa ankadziwa kuti akutchula munthu. Owerenga awo ambiri anali ophunzira mbiri ya Agiriki kusukulu, ndipo fanizolo linkagwira ntchito pamene likuyenera, pa chilango choposa mlandu. England inali ndi chitsanzo pakhomo pomwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, milandu yoposa 200 inali ndi chilango cha imfa, kuphatikizapo kuba katundu wa mashiling'i 5 m'sitolo kapena wa mashiling'i 40 m'nyumba ya munthu. Anthu wamba othandiza kuweruza milandu ankachita kunamizira kuti katundu wobedwayo ndi wa mashiling'i 39 kuti apulumutse khosi la wakubayo, ndipo ambiri ogamulidwa kuti anyongedwe ankatumizidwa ku Australia m'malo mwake. Ofuna kusintha malamulowa, monga Samuel Romilly, ankati chilango chikakula mopyola, anthu amaleka kuchigwiritsa ntchito ndipo wakuba amayamba kudalira mwayi. Owateteza ankati mantha a chingwe ndiwo akusunga katundu wa anthu m'dziko lopanda apolisi okwanira. Pofika 1861 milandu ya imfa inali itatsala yowerengeka pa zala.

Pang'onopang'ono chilembo chachikulu chija chinagwa, munthuyo anaiwalika, ndipo liwu linafutukuka. Lero msonkho, malamulo a mpira, ngakhale lamulo la sukulu loletsa mafoni zimatchedwa draconian. Chimene sichinasinthe n'chakuti si kawirikawiri kuti boma litche lamulo lake dzina limeneli. Mukaliona m'nkhani, funsani kuti latuluka pakamwa pa ndani. Ngati lili m'mawu a wotsutsa, mtolankhani wangonena zimene wamva. Ngati lili pamutu wa nkhani popanda mwini wake, nyuzipepala yaweruza kale mlandu.

Kukhwima kwathu

Tsono tibwerere ku mphika wathu uja. Kukhwima m'Chichewa kumayambira kumunda. Chimanga chimakhwima, dzungu limakhwima, nsungwi yokhwima ndiyo imamanga nkhokwe yolimba. Munthu wokhwima nzeru ndi amene mumapita naye ku mlandu. Mpaka apa liwuli ndi loyamikira, likunena chinthu chimene chafika pake, chosiyana ndi chanthete. Koma palinso kukhwima kwina kumene anthu amanena motsitsa mawu. Akati mkulu uja ndi wokhwima, sakunena za msinkhu, akunena za mankhwala, ndipo ndi munthu woti musamuyambe dala. Ulemu ndi mantha zili m'liwu limodzi.

Choncho mtolankhani akalemba kuti apolisi akhwimitsa chitetezo, ambiri timamva zabwino. Akalemba kuti khoti lapereka chilango chokhwima kwa wogwirira mwana, timavomereza ndi mutu. Akalemba kuti boma laika malamulo okhwima, wina amamva nsungwi yolimba ija, wina amamva mkulu woopsa uja. Pomasulira strict kapena stringent liwuli limakwana bwino. Pomasulira draconian limachepa mphamvu, chifukwa mwini mawuwo amafuna kunena kuti ankhanza, opondereza, opyola muyeso. Wotsutsa boma amene anakalipa m'Chingerezi amamveka ngati akuliyamikira m'Chichewa.

Mbiri yathu ili ndi zitsanzo za chinthu chimodzi chotchedwa maina awiri. Pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti, chipani cha Nyasaland African Congress chinaletsedwa, ndipo anthu oposa 1,000, kuphatikizapo Dr Hastings Kamuzu Banda, anatsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Boma la atsamunda linkati likubwezeretsa bata. Komiti yofufuza yotsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin, yotumidwa ndi boma la Britain lomwelo, inalemba kuti Nyasaland yasanduka, ngakhale kwa kanthawi, dziko lolamulidwa ndi apolisi. Mawu ochepawo anautsa mkangano waukulu ku nyumba ya malamulo ku London.

Ufulu utabwera, liwu lalikulu linali mwambo. Ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress zinali umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Mu 1968 kunabwera lamulo lokhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Mu 1973 kunabwera lamulo la kavalidwe, loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi osaphimba mawondo, ndipo amuna a tsitsi lalitali nawo sankaloledwa. Wailesi inali imodzi, ya MBC, nyuzipepala ya tsiku ndi tsiku inalinso imodzi, ndipo munalibe malo oti wina alembe kuti malamulowa ndi ankhanza. Ankafotokozedwa ngati oteteza chikhalidwe, bata ndi mtendere. Mwambo ndi liwu lofewa kuposa onse takambawa, chifukwa limakumbutsa za agogo, chinamwali ndi mwana wolandira chinthu ndi manja awiri. Pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, lamulo la kavalidwe lija linachotsedwa, nyuzipepala zinachuluka, ndipo malamulo omwewo anayamba kutchedwa draconian. Mpaka lero mupeza achikulire ena amene amati nthawi imeneyo kunali mwambo, ndi ena a msinkhu womwewo amene amati kunali nkhanza. Kawirikawiri onse amagwirizana pa zimene zinachitika. Amasiyana pa dzina.

Zimene zikadali pabwalo

Funso loyamba ndi la omasulira nkhani. Kodi draconian azilemba kuti ankhanza nthawi zonse? Ena amati inde, chifukwa ndi zimene wolankhulayo watanthauza, ndipo kufewetsa mawu ake ndi kumunamizira. Ena amati m'Chingerezi cha lero liwuli linasukuluka chifukwa chogwiritsidwa ntchito pa chilichonse, pomwe nkhanza m'Chichewa ikadali ndi mano ake onse, imakumbutsa mwamuna womenya mkazi kapena wozunza ana amasiye. Kumasulira liwu losukuluka ndi liwu lakuthwa nakonso n'kusintha uthenga.

Lachiwiri ndi la akonzi. Kodi nyuzipepala ili ndi ufulu wotcha lamulo lankhanza ndi pakamwa pake, kapena izingotchula zimene lamulolo likunena, zaka zingati, ndalama zingati, n'kusiya owerenga aweruze? Amene amakonda njira yachiwiri amati ndiko kusakondera. Otsutsa amakumbutsa kuti panali nthawi imene kusatchula chinthu dzina lake kunali kubisa, ndipo mawu ofatsa ankatumikira olamula.

Lachitatu ndi lovuta kuposa onse, ndipo a ku Athens, a ku London ndi oweruza athu a mu 2020 anakumana nalo. Kodi malire a chokhwima ndi chankhanza ali pati, ndipo amayezedwa ndi chiyani? Kukula kwa chilango poyerekeza ndi mlandu? Kapena amene chikumugwera, popeza m'bindikiro wa masiku 21 ndi wina kwa munthu wa malipiro a pamwezi ndipo ndi winanso kwa wakabaza amene amadya zimene wapeza tsiku lomwelo? Nanga lamulo loopsa papepala limene silitsatidwa, monga la mashiling'i 40 lija, tilitche lokhwima kapena lofooka? Ndipo ngati liwu lathu lakuti kukhwima limanyamula ulemu ndi mantha nthawi imodzi, kodi limeneli ndi vuto loti akatswiri a chilankhulo alikonze popeza liwu lina, kapena likunena zoona za mmene anthu ambiri amaonera lamulo ndi olisunga?